Katoni ya Mabuku Itayenda M'makomo Asanu

Katoniyo inali ya sopo wochapira. Anabwera nayo ndi mnzathu wina, mphunzitsi wa kusekondale, amene ankasamukira m'nyumba yocheperapo ndipo analibe poika mabuku ake. Munali mabuku 23. Ena anawagula kwa mavenda a m'mbali mwa msewu ku Limbe, ena anachita kutumiziridwa ndi achibale a ku Joni, ndipo ena anali akalekale, chikuto chinachoka, masamba atafiira ngati chimanga chokazinga. Ife, mabanja asanu okhala dera limodzi komanso opemphera mpingo umodzi, tinagwirizana kuti tizibwerekana mabukuwo m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, n'kumakumana Sande masana kamodzi pa milungu iwiri iliyonse kuti aliyense afotokoze zomwe wawerenga.

Sitikudzitcha akatswiri a mabuku. Pagulu lathu pali mphunzitsiyo, namwino, telala, mlimi wa ndiwo zamasamba amenenso ndi mkulu wa mpingo, mayi wamasiye wogulitsa zitenje, banja lachinyamata lomwe langokwanitsa zaka ziwiri, ndi agogo aamuna amene maso anayamba kuwavuta, moti iwo ankangomvetsera ena akamafotokoza. Zomwe talemba pano ndi maganizo a anthu wamba amene amawerenga akaweruka kuntchito, mbale zitatsukidwa, ana atagona.

Tsiku loyamba lenilenilo panabuka nkhani. Akulu a mpingo atatembenuza mabukuwo anati: "Abale, theka la katoniyi ndi nkhani zopeka. Ine izi sindiwerenga." Anatikumbutsa kuti Mayi Ellen G. White anachenjeza kambirimbiri za kuwerenga manovelo, ponena kuti amadya nthawi, amazoloweretsa mtima zotengeka, ndipo amachititsa kuti mabuku ofunika kulingalira azioneka osakoma. Machenjezo amenewa amapezeka m'mabuku monga The Adventist Home ndi Messages to Young People. Palibe amene anawatsutsa. Koma mphunzitsi uja anayankha mofatsa kuti: "Akulu, mabuku amenewa ali kale m'nyumba zathu. Ana athu akuwerenga otere pafoni, amatumizirana pa WhatsApp, ena amawerenga pa Facebook ife tili mtulo. Kodi si bwino tidziwe zomwe zilimo?" Tinamangana kuti akuluwo atenge mabuku a nkhani zoona okhaokha, otsalafe tiwerenge zonse, kenaka tiuzane chilungamo popanda kukometsa. Tinagwirizananso kuti katoniyo izitsekedwa Lachisanu dzuwa lisanalowe.

Mabuku ofufuza milandu

Oyamba kulimbiranidwa anali mabuku ofufuza milandu, aja oti munthu wafa kapena katundu wasowa, ndipo wowerenga amayenda limodzi ndi wofufuza mpaka wolakwa atapezeka.

Lomwe tonse tinalikonda ndi The No. 1 Ladies' Detective Agency, lomwe linatuluka mu 1998. Mlembi wake, Alexander McCall Smith, anabadwira ku Bulawayo mu 1948. Nkhani yake ikuchitikira ku Gaborone m'dziko la Botswana, ndipo mwini nkhani ndi Precious Ramotswe, mayi wathupi, wokonda tiyi wa rooibos, amene anagulitsa ng'ombe zomwe bambo ake anamusiyira n'kutsegula ofesi yofufuza nkhani za anthu. Milandu yake ndi ya pakhomo, yoti nafenso timaidziwa. Umodzi unatiseketsa mpaka misozi. Mayi wina wogwira ntchito kubanki anafikiridwa ndi mwamuna wachikulire wonena kuti ndi bambo ake amene anasowa iye ali khanda. Mkuluyo anakhazikika m'nyumba, kumangodya ndi kulamula. Mma Ramotswe anavala ngati namwino, n'kukamuuza kuti mwana wake wachita ngozi ndipo pakufunika magazi ochuluka a bambo womubereka, mwina mpaka woperekayo kutaya moyo. Pomwepo mkuluyo anaulula kuti si bambo ake.

Namwino wathu anaseka nafe, koma sanalole kuti zipite choncho. "Musakauze anthu kuti kupereka magazi kumapha," anatero. "Amatenga osakwana theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa. Zija zinali zongomuopseza wakubayo."

Agogo sanaseke kwambiri. Iwo anagwidwa ndi mutu wofotokoza za Obed Ramotswe, bambo ake a Precious, amene anakagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa n'kubwerako mapapo atawonongeka ndi fumbi. Agogowo anapitako ku migodi kudzera ku Wenela ali mnyamata. Atamva mutuwo anakhala chete kanthawi, kenaka anayamba kutchula anzawo amene anabwera ndi masutikesi, mawailesi ndi njinga, koma patangopita zaka zochepa n'kumwalira ndi chifuwa chosatha. Namwino anafotokoza kuti fumbi la miyala likalowa m'mapapo silituluka, limasiya zipsera, ndipo munthu wotere amagwidwa TB mosavuta. Adzukulu awo, amene anali pomwepo, anali asanamvepo agogo awo akukamba za moyo wa pansi pa nthaka.

Buku lachiwiri linali The Pale Horse la Agatha Christie, la mu 1961. Dzina lake linachokera pa kavalo wotchulidwa pa Chivumbulutso 6:8. M'nkhaniyi anthu akufa mmodzimmodzi ngati ndi matenda wamba, ndipo mphekesera ikuloza amayi atatu okhala m'nyumba yakale ya alendo, amene amadzitama kuti amatha kupha munthu ali kutali. Tikupepesa kwa amene sanaliwerenge, koma tiulula pang'ono: ufitiwo unali chophimba chabe. Anthuwo ankaphedwa ndi poizoni wotchedwa thallium, amene chizindikiro chake chimodzi ndi kuthothoka kwa tsitsi. Christie ankadziwa za mankhwala chifukwa anagwirapo ntchito mosungira mankhwala a chipatala pa nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu. Ndipo bukuli linapulumutsapo moyo weniweni. M'zaka za m'ma 1970, mwana wamng'ono wochokera ku Qatar anagonekedwa pa chipatala cha Hammersmith ku London, madokotala osadziwa chomwe akudwala. Namwino wina amene ankawerenga bukuli anaona kuti tsitsi la mwanayo likuthothoka, n'kupempha kuti amuyeze thallium. Anamupezadi, wochokera m'mankhwala ophera tizilombo a kunyumba kwawo, ndipo mwanayo anachira.

Tinakambirana nthawi yaitali za mmene kwathu kuno imfa yadzidzidzi imathamangitsira anthu kuloza chala nkhalamba, pomwe mwina chomwe chapha munthu chili pa alumali m'khitchini. Mlimi wathu, ngakhale sanawerenge bukulo, anavomera kuti mankhwala ake opopera tomato ankawasunga m'botolo la chakumwa, kuseri kwa chitseko, pomwe mdzukulu wake amasewera. Mlungu womwewo anakhoma kabokosi ka loko m'shedi.

Lachitatu sititchula dzina, chifukwa sitikufuna kulitsatsa. Linali lamakono, lonenepa, lofotokoza za munthu wopha akazi motsatizana. Mlembi wake ankachedwa dala pa mabala ndi pa kulira kwa ophedwa. Atelala athu analiyamba 9 koloko usiku, n'kudzazindikira tambala akulira. M'mawa mwake anadula molakwika nsalu ya diresi ya kasitomala, n'kugula ina ndi ndalama zawo. Akazi awo anatiuza kuti kwa masiku atatu bambowo ankadzuka usiku kukayesa ngati zitseko zili zokhoma. Namwino anakumbutsa kuti munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo mabuku otere amalembedwa mwadala kuti mutu uliwonse uthere pamalo poti sungathe kutseka. Titafunsa atelalawo chomwe anatolamo, anaganiza kanthawi n'kuti: "Palibe. Ndinangofuna kudziwa kuti wakupha ndani. Nditadziwa, basi." Bukulo silinabwererenso m'katoni.

Nkhani zachikondi

Apa m'pomwe panali phokoso. M'katoni munali timabuku tisanu ta Mills & Boon, kampani yomwe inayamba ku London mu 1908. Amayi a pagulu lathu anaulula kuti anatiwerengapo ali kusekondale, mobisa, titakutidwa ndi pepala la khaki kuti tizioneka ngati kope la masamu. Atatiwerenganso ali akuluakulu, anadabwa kuona kuti nkhani yake ndi imodzimodzi, amangosintha mayina ndi dziko. Mwamuna amakhala wolemera, wamtali, wosaseka, wolankhula mwaukali. Mtsikana amadana naye poyamba, kenaka n'kuzindikira kuti ukaliwo ndi chikondi chobisika. Buku limatha pa tsiku la chinkhoswe kapena la ukwati.

Mayi wamasiye uja ndi amene ananena mawu omwe tinapita nawo kunyumba. "Buku likuthera pamene banja likuyambira," anatero. "Lendi ilibemo, apongozi mulibe, mwana wotentha thupi pakati pa usiku mulibe. Ndipo mwamuna wokukalipira musanakwatirane sasiya chifukwa wavala mphete. Ana athu asamaphunzire kuti nkhanza ndi chikondi."

Mayi wachitsikana wa banja latsopano lija anapempha kuti alankhule ndi amayi okhaokha, ndipo pambuyo pake anatilola kuti tilembe. Anati kwa miyezi ingapo ankawerenga nkhani zotere pafoni usiku uliwonse, mwamuna wake ali pambali pake. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kumuona ngati munthu wozizira. Sabweretsa maluwa, salankhula mawu otsekemera, akabwera kuntchito amangofunsa ngati mayunitsi a magetsi alipo. Anafika pomamuyankha mwachidule osadziwa chifukwa chake. Chomwe chinamutsegula maso ndi tsiku lomwe mayi ake anadwala kumudzi. Mwamunayo anapempha tchuthi, anakwera minibasi ya m'mamawa, anakawatenga, n'kugona pabenchi ya chipatala masiku awiri. "Ndinaona kuti ndimamuyeza ndi munthu woti kulibe," anatero. Amayi achikulire sanamudzudzule. Mmodzi anangoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo wina anawonjezera kuti abambo nawonso asabisale kuseri kwa nkhaniyi, chifukwa kunena kuti "waphika bwino" kapena "watchena" sikulipiritsa. Uthengawo unakafika kwa abambo tsiku lomwelo.

Buku lachikondi lomwe linapirira mafunso athu ndi Pride and Prejudice la Jane Austen, la mu 1813. Chingerezi chake n'chakale, ndipo awiri a ife analisiya pa mutu wachitatu. Amene analimbikira anapeza kuti nkhani yake yagona pa chuma cha masiye. Bambo Bennet ali ndi ana aakazi asanu, ndipo malinga ndi dongosolo la malo awo, akadzamwalira nyumba ndi minda zidzapita kwa wachibale wamwamuna, Bambo Collins. Mphunzitsi wathu ankaseka Mayi Bennet, amene tsiku lonse amangokhalira kusakira ana ake amuna olemera. Mayi wamasiye sanaseke. "Inu mukuti ndi wopusa," anatero. "Ine ndikuona mayi amene akudziwa kuti tsiku lina adzatulutsidwa m'nyumba ndi ana asanu. Ine zinandichitikira, maliro asanathe n'komwe." Anafotokoza mmene achibale a malemu amuna awo anatengera firiji, mipando ndi makina osokera. Mphunzitsi anakumbutsa kuti kuno kwathu lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu, koma tonse tinavomereza kuti mayi wolira sakhala ndi mphamvu zothamangira kukhoti. Abambo awiri a pagulu lathu anaulula kuti sanalembepo wilo. Mmodzi walemba tsopano.

Tinakondanso mmene bukuli likusiyanitsira amuna awiri. Wickham ndi wooneka bwino, wolankhula mokoma, aliyense amamukonda tsiku loyamba, koma ali ndi ngongole paliponse ndipo pamapeto pake akuthawitsa Lydia, mtsikana wa zaka 16. Darcy ndi wouma pakamwa ndiponso wonyada, koma Elizabeth atamukana n'kumuuza zolakwa zake, iye akusintha khalidwe, ndipo akuthandiza banjalo mwakachetechete osafuna kutamandidwa. Elizabeth naye akuvomera kuti anaweruza msanga. Ili tinagwirizana kuti mwana wathu wamkazi wa Fomu 4 akhoza kuwerenga, ife n'kukambirana naye.

Love Comes Softly la Janette Oke, mlembi wachikhristu wa ku Canada, la mu 1979, linatigawa pawiri. Marty, mtsikana woyembekezera, wafedwa mwamuna atangofika kudera lachilendo, ndipo Clark Davis, bambo wofedwa mkazi amene ali ndi mwana wamng'ono, akumupempha ukwati kuti iye apeze pokhala m'nyengo yachisanu, mwanayo apeze womulera. Ena anakonda kuleza mtima kwa Clark, amene akusamukira m'kachipinda ka kunja, osamukakamiza kanthu, n'kumulonjeza ndalama ya ulendo ngati adzafune kubwerera kwawo. Chikondi chawo chikumera pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Koma mayi wamasiye anati kukwatiwa dothi la pamanda lisanaume chifukwa chosowa kolowera kunamukumbutsa za chokolo, ndipo si amuna onse amene ali ngati Clark. Sitinagwirizane chimodzi, ndipo tinazisiya choncho.

Nkhani zoona

Akulu a mpingo anadikira nthawi yawo moleza mtima, ndipo itakwana anabwera ndi timapepala todzaza ndi zolemba. Anayamba ndi The Boy Who Harnessed the Wind, la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, la mu 2009. William, wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe ku Kasungu, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002. Ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsatira zithunzi. Ndi dainamo ya njinga, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugama, anamanga makina omwe anayatsa babu m'nyumba ya makolo ake, anthu omwe ankamunena kuti wapenga akuonerera. Anadzamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014.

Ambiri tinali titaonera kale filimu yake ya mu 2019, koma bukuli linatifika pena. Mitu yofotokoza za njala inatibwezera ku chaka chomwe tonse timachikumbukira: mizere ya chimanga, gaga kusanduka chakudya cha anthu, kudya kamodzi patsiku. Akuluwo anati anasiya kaye kuwerenga pamene William akufotokoza za imfa ya galu wake Khamba. Ana athu obadwa pambuyo pa 2002 anamvetsera makolo awo akusimba zomwe sanawauzepo. Funso lomwe linatsala m'mitima ndi la mphunzitsi uja: kalaibulale kaja kakanakhala kotseka, William akanakhala kuti lero? Nanga m'nyumba zathu muli buku lililonse loti mwana wotopa ndi kukhala angalitole?

Buku lomwe linasintha zinthu kwambiri ndi The Immortal Life of Henrietta Lacks la Rebecca Skloot, la mu 2010. Namwino ndiye analiwerenga, n'kutifotokozera Sande ziwiri zotsatizana. Henrietta anali mayi wachikuda wa ku America, wa ana asanu, amene anakulira m'minda ya fodya ku Virginia. Mu 1951 anapita ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore akumva chotupa m'mimba, ndipo anamupeza ndi khansa ya khomo la chiberekero. Madokotala anadula kachidutswa ka chotupacho osamuuza. Iye anamwalira chaka chomwecho ali ndi zaka 31, koma maselo ake, omwe anawatcha HeLa, anapitiriza kuchulukana m'malabotale. Anagwiritsidwa ntchito poyesa katemera wa poliyo ndi pa kafukufuku wosawerengeka, ndipo makampani anapanga nawo ndalama, pomwe ana ake anatha zaka zoposa 20 osadziwa kanthu, ena mwa iwo akulephera kulipira chipatala.

Abambo anakwiya ndi kupanda chilungamoko. Tinakambirana za ufulu wa wodwala wofunsa kuti akumuchita chiyani ndiponso chifukwa chake, asanasaine pepala lililonse. Koma namwino anatitembenuzira kwina. Anati matenda omwe anapha Henrietta ndi khansa yomwe ikupha amayi ambiri kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, ndipo dziko lathu lili m'gulu la mayiko omwe vutoli ndi lalikulu kwambiri padziko lonse. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo imatenga zaka zambiri isanafike poopsa, mayi osamva kupweteka kulikonse. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa: amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuona ngati pali malo osintha mtundu, ndipo akawapeza msanga amathandiza zisanasanduke khansa. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9. Kenaka anafunsa kuti: "Amayi tili pano, ndani anayezetsapo?" Pa amayi asanu ndi mmodzi, anakweza dzanja awiri. Ena anati ankachita manyazi, ena ankaopa kumva zoipa, wina anati mayi wokhulupirika m'banja sangadwale matenda amenewo. Namwino anayankha kuti kachilomboka n'kofala kwambiri, ndipo mayi akhoza kukatenga kwa mwamuna mmodzi yekhayo amene wakhala naye moyo wake wonse. Lachitatu lotsatira anapita onse anayi limodzi. Mmodzi anamupeza ndi malo okayikitsa, analandira chithandizo, ndipo anamuuza tsiku loti adzabwerenso. Iye ndi amene anatikakamiza kuti nkhaniyi tiilembe.

Lomaliza linali The Blue Zones la Dan Buettner, la mu 2008, lonena za madera omwe anthu amakhala ndi moyo wautali: Okinawa ku Japan, Sardinia ku Italy, Nicoya ku Costa Rica ndi Loma Linda ku California, komwe kuli Aadiventi ambiri. Tisabise, tinaliwerenga monyadira. Zomwe likuyamikira ndi zomwe timamva kuyambira tili ana: nyemba, mtedza, ndiwo zamasamba, kuyenda pansi, kupuma tsiku limodzi pamlungu, kukhala pakati pa abale. Koma mphunzitsi anatithira madzi ozizira pang'ono. Anati wofufuza wina, Saul Newman, anaonetsa kuti m'madera ambiri otchuka ndi anthu a zaka zoposa 100, zikalata za kubadwa n'zosadalirika, ndipo ena amapitiriza kulandira penshoni ya anthu omwe anamwalira kale. Za Aadiventi a ku California zili ndi maziko ena, chifukwa kafukufuku wa Loma Linda University yemwe anasindikizidwa mu 2001 anapeza kuti amuna a mpingowu kumeneko ankakhala zaka pafupifupi 7 kuposa anzawo a m'deralo, ndipo akazi zaka zoposa 4. Komabe akulu a mpingo okha ndi amene anati: "Buku lotiyamikira ndi lomwe sitilifunsa mafunso. Ndipo zakazo ndi za amene amachita, osati amene dzina lawo lili m'kaundula." Anatero akuyang'ana mbale ya mandasi yomwe inali pakati pathu, ndipo tonse tinaseka mwamanyazi.

Zomwe tatsala nazo

Ogasiti atatha tinakhuthula katoni n'kuwerengera. Mabuku asanu ndi awiri tinagwirizana kuti asapitirire kwa wina aliyense. Pa otsalawo, omwe tinawakamba nthawi yaitali ndiponso omwe anasintha kanthu pakhomo, ambiri anali a nkhani zoona. Akulu a mpingo sanalephere kutikumbutsa zimenezi, ndipo tinawavomera. Nawonso anavomera kuti kabokosi ka loko kaja anakhoma chifukwa cha buku lomwe iwo anakana kuwerenga. Sanasinthe maganizo awo pa nkhani zopeka, ndipo ife sitinawakakamize.

Muyeso womwe tinagwiritsa ntchito ndi wa pa Afilipi 4:8, koma tinauika m'mafunso anayi oti ngakhale mwana angayankhe. Kodi bukuli landilanda chiyani: tulo, ntchito, nthawi ya mapemphero a banja? Nditalitseka, anthu a m'nyumba mwanga ndikuwaona bwanji, mwachifundo kapena monyansidwa? Kodi ndingaliwerenge mokweza mwana wanga ali pomwepo? Nanga mawa lake, Baibulo ndi phunziro la Sukulu ya Sabata zikundikomerabe, kapena zayamba kuzizira? Buku lililonse lomwe tinalichotsa linagwa pa funso limodzi kapena angapo mwa amenewa.

Taphunziranso kuti kuwerenga pawekha ndi kuwerenga pagulu zimabala zosiyana. Mayi wachitsikana uja anawerenga yekha mumdima kwa miyezi, ndipo zinamudya. Mawu omwewo atawatulutsa pakati pa amayi anzake, anatha mphamvu. Mphunzitsi akanawerenga yekha Pride and Prejudice akanangoseka Mayi Bennet, osamva zomwe mayi wamasiye anamva. Ngati mwana wanu akuwerenga kanthu pafoni, kumulanda kokha sikukwanira. Mufunseni kuti nkhaniyo ikuti chiyani, amene akumukonda m'nkhanimo ndani, ndipo chifukwa chiyani. Mudzamva zambiri za mtima wake kuposa zomwe angakuuzeni mutamufunsa mwachindunji.

Chimodzi chinatiwawa. Pa mabuku 23 aja panalibe ngakhale limodzi la Chichewa. Agogo ankadalira kuti wina awamasulire, ndipo akazi a atelala, amene sukulu anasiyira Sitandade 7, ankangomvera. Achikulire anayamba kukumbutsana mabuku omwe ankawerenga kusukulu, monga Nthondo la Samuel Josia Nthara, Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, ndi Njala Bwana la Willie Zingani, koma palibe nyumba ndi imodzi yomwe yomwe inali nawo. Tatuma mphunzitsi kuti akafufuze ku National Library ndi kwa mavenda aja. Tagwirizana kuti katoni ya chaka chamawa, theka likhale la mabuku a chinenero chathu, ndipo tiziwerenga mokweza, mutu umodzi pa Sande, kuti amene maso kapena sukulu zinawachepera asatsale.

Agogo apempha kale kuti pa mndandandawo tiikepo kope lopanda kanthu ndi bolopeni. Akufuna mdzukulu wawo azilemba iwo akamasimba za ku migodi, mayina a anzawo aja asanawaiwale.